Nsalu Inadindidwa Nyale Isanayezedwe

Unit L, Seke
Chitungwiza
12 Malichi 2023

Wokondedwa mwana wanga Marjory,

Landira moni wochokera kwa ine bambo ako, kwa mayi ako ndi kwa mlongo wako Nigel. Kuno tadzuka, kaya iwe ku Joniko. Mvula yatikomera mtima chaka chino, chimanga cha mayi ako cha m'mbali mwa msewu wa ku Nyatsime chabereka bwino. Ine kachifuwa kokha ndiko kakundisowetsa mtendere, koma ndi fumbi la makombi othamanga mumsewumu basi.

Nigel akuti ndine wachikale polemba kalata foni ili m'thumba. Ndamuuza kuti pa foni mumandiyankha Chishona chosakaniza ndi Chizungu, pamene pa pepala ulibe kothawira, uyankha Chichewa cha agogo ako. Admire, kondakitala wa basi ya ku Joni uja, wavomera kumatinyamulira makalata pamodzi ndi chiponde chako.

Nkhani yanga ndi iyi. Lamulungu lapitali titaweruka ku tchalitchi, akulu ampingo anzanga anandifunsa kuti kodi mwana wanu zaka zonsezi akuphunzira chiyani. Ndinati zamagetsi. A Fabiano, ukuwadziwa pakamwa pawo, n'kunena kuti, "Ndiye akabwera adzatikonzere mawaya a m'holo." Anthu anaseka, ine ndinapsa mtima mpaka kunyumba. Undilembere m'Chichewa chomveka chimene umachita m'chipinda chakocho, kuti ndikawatseke pakamwa. Undiuzenso mwezi umene udzavale gauni ya udokotala.

Usadabwe kuti ndikufunsa chonchi. Agogo ako anayenda pansi kuchokera ku Dedza kudzalima fodya wa eni ake, dzina lawo lomwe osatha kulilemba. Ine ndakulira kutchedwa mubwidi, munthu wopanda kwawo. Ndikufuna Unit L yonse idzaone ndi maso kuti m'nyumba ya Chimwaza mwatuluka dokotala wa sayansi, ndipo sindichita nazo manyazi kunena kuti ndimakunyadira, Nambewe.

Ndine bambo ako,
Obadiah Chimwaza

Johannesburg
2 Epulo 2023

Okondedwa Baba,

Ndalandira kalata ndi chiponde, zikomo. Ine ndili bwino. Moni kwa Mhamha ndi Nigel. Kachifuwako mupite nako kuchipatala, musamangonamizira makombi.

A Fabiano mukawauze chonchi. M'waya wa magetsi mumayenda tinthu tosaoneka totchedwa maelekitironi. Kale pofuna kuwatulutsa m'chitsulo ankachiotcha mpaka kufiira, monga kawaya ka m'babu. Koma chitsulo chikasongoka kwambiri, n'kuchiyandikiza ku mphamvu yaikulu ya magetsi, maelekitironi amatuluka okha kunsonga popanda moto. Ife tili ndi tinsonga zikwizikwi pa kachidutswa kosaposa chikhadabo, tosongoka moti singano ya Mhamha pambali pake ndi musi. Timatiika m'chigubu chachitsulo chopopedwa mpweya wonse.

Ntchito yanga ili pawiri. Pa kompyuta ndimalemba masamu olosera kuti kansonga kakasongoka mwakuti, katulutsa maelekitironi ochuluka bwanji. Kenako ndimaona ngati masamuwo akunena zoona. Poti maelekitironi saoneka, timawaombetsa pa galasi lopaka mankhwala, galasilo n'kuwala mobiriwira, ine n'kuyeza kuwalako ndi kamera. Kamera payokha sidziwa kanthu. Timayamba taionetsa nyale ya muyezo, imene kuwala kwake kumadziwika, monga mmene amayesera sikelo ya m'butchala ndi mwala wa kilo.

Akakufunsani phindu lake, munene kuti ndi makina ojambulira m'chifuwa ang'onoang'ono, oti nesi n'kuwanyamula pa njinga yamoto kupita nawo ku kiliniki ya kumudzi. Opanga makinawo adzatenga manambala a anthu ngati ife. Mawaya a m'holo aitane wamagetsi, ine ndikhoza kuotcha tchalitchi.

Nkhani yabwino ndi yoti masamu anga ndi kuwala kumene ndayeza zikugwirizana, moti Profesa wanga, munthu wouma nkhope, anamwetulira. Akuti zikapitirira chonchi ndipereka buku la kafukufuku wanga kwa oyesa chaka chomwe chino, gauni mu Disembala. Koma Baba, ndikukudziwani. Chonde musalengeze.

Ndine mwana wanu,
Marjory

Unit L, Seke
18 Juni 2023

Wokondedwa Nambewe,

Moni. Tonse tilipo, kuzizira kokha. Ndikhulupirira ukufunda mokwanira.

Unati ndisalengeze, ndipo sindinalengeze. Ndinangowatsina khutu abusa, abusawo ndiwo analengeza pa guwa. Amayi analuluta mpaka ana a Sande sukulu anatuluka kudzasuzumira. A Fabiano ndinawaimika panja, ndinawauza kuti mwana wanga amakama magetsi kunsonga ya singano popanda moto, n'kuyeza kuwala kwake. Anangoti, "Zoona?" n'kuyamba kufunafuna chipewa chawo chili kumutu.

Tsopano tsegula kaphukusi kali m'kalatamu. Imeneyo ndi nsalu ya mwambo wako. Ndinakadinditsa ku Harare, yobiriwira ngati galasi lako lija, pakati pali nkhope yako, kuzungulira alemba kuti DR MARJORY CHIMWAZA NAMBEWE, DISEMBALA 2023. Amayi onse a Chigwirizano atenga, ena awiriawiri, ngakhale anzathu a Chishona a mzere wathu uno abwera kudzapempha. Mayi ako akuti mphuno anakukulitsa, ine ndikuti ndi mphuno ya kwathu.

Mwambo ukuudziwa. Nsalu yotere sivalidwa tsiku lake lisanafike, aliyense waipinda n'kuiika pansi pa sutikesi. Holo ya tchalitchi ndapempha kale, kwaya yayamba kuphunzira nyimbo. Iwe chako n'kumaliza basi, ndipo ufulumire.

Ndine bambo ako wokunyadira,
Obadiah

Unit L
20 Ogasiti 2023

Sisi,

Muri sei? Chichewa changa mukuchidziwa, musaseke. Mudhara, ndikunena Baba, andikakamiza kulemba chifukwa pa foni mukungoyankha kuti "ndili bwino" basi, ndipo kalata yawo ya nsalu simunayankhe mpaka pano. Admire akafika pa geti, Mudhara amayamba kuyang'ana m'manja mwake asanamupatse moni. Mhamha akuganiza kuti muli ndi pakati. Mai a pa next door akuti mwakwatiwa mobisa. Ini hangu ndikuti ndi pressure ya sukulu, koma hameno, sindikudziwa.

Ndapota, chonde Sisi, lembani ngakhale mizere iwiri. Kuno zinthu sizili bwino kwenikweni, ndingonena choncho.

Nigel

Johannesburg
5 Sepitembala 2023

Okondedwa Baba,

Moni nonse. Pepani chifukwa chokhala chete. Ndilibe pakati, sindinakwatiwe, muwauze Mhamha mtima ukhale pansi. Ndinkangosowa poyambira.

Mu Julayi nyale ya muyezo ija inatumizidwa kokaiyezanso, monga zimachitikira pakapita zaka. Yabwerako ndi nkhani yoipa. Inakalamba osatiuza, ikuwala moperewera ndi magawo asanu ndi awiri pa zana. Ndiye kuti kamera yanga inaphunzira kwa mphunzitsi wonama, ndipo kuwala kumene ndakhala ndikuyeza kunkaoneka kochuluka kuposa mmene kunalili. Kugwirizana kuja kumene ndinakuuzani kunali kwabodza, chifukwa masamu anga ndinkawawongola kuti atsatire manambala olakwikawo.

Mufunsa kuti bwanji osangochotsera zisanu ndi ziwirizo. Vuto ndi loti palibe akudziwa nthawi imene nyaleyo inayamba kufooka. Mwina zoyeza za chaka choyamba zili bwino, mwina ayi. Ndikachotsera ponseponse ndiye kuti ndikungolota.

Profesa akuti vuto si langa, ndikhoza kupereka bukuli momwe lilili, n'kulembamo ndime yochenjeza, oyesa adzalilandira. Sakunama, angalilandiredi. Koma ine ndakana. Ndikufuna kuyezanso zonse ndi nyale yatsopano. Pafunika kupanga tinsonga tina chifukwa takale tinaperepeseka, ndipo chigubu chija timachita kulandizana ndi anzanga, mpata wanga ukugwa chaka chamawa. Disembala uno gauni kulibe, Baba.

Kansalu kaja kali m'kabati. Ndikakaona mtima umandiwawa, chifukwa ndikudziwa manyazi amene ndakuikani pamaso pa anthu. Ndikupempha mundimvetse.

Mwana wanu,
Marjory

Unit L, Seke
14 Sepitembala 2023

Marjory,

Moni. Tili moyo.

Kalata yako ndaiwerenga, ndipo ndakwiya, sindikubisira. Miyezi yonseyi ife mtima uli m'mwamba, kuganiza kuti wadwala, pamene nkhani yake ndi ya babu? Zisanu ndi ziwiri pa zana? Ine ndayendetsa mabasi mpaka imvi, geji ya mafuta sinandiuzepo zoona ndi tsiku limodzi lomwe, koma anthu ankafika kwawo. Profesa wako, munthu woti anayamba ntchitoyo iwe usanabadwe, wati pereka. Iwe ndiwe yani kuti uwerame kuposa mwini munda?

Amayi aja ndikawauze chiyani? Kuti nsalu aipinde chaka china chifukwa mwana wa Chimwaza wayambana ndi nyale? Palibe adzamve zimenezo. Adzangoti walephera, abambo ake anathamanga pakamwa, a kwa Nyasalande ndi choncho. A Fabiano adzaseka mpaka kutsamwa.

Chaka chamawa ndi kutali, mwana wanga, iwe sukudziwa kutalika kwake. Sindinakulamulepo kanthu chiyambire sukulu yako, koma lero ndikukulamula ngati bambo ako. Lemba ndime yochenjezayo, pereka buku, ubwere mu Disembala ndi gauni.

Bambo ako,
O. Chimwaza

Johannesburg
22 Sepitembala 2023

Baba,

Moni. Ndamva lamulo lanu, ndipo pepani, sinditsatira.

Ndinakupemphani kuti musalengeze. Munalengeza, munadinda nkhope yanga pa nsalu osandifunsa, lero mukufuna ndikhotetse ntchito ya zaka zinayi kuti igwirizane ndi deti la pa nsaluyo. Kodi mukufuna dokotala kapena mukufuna phwando? Dzina lodzalembedwa pa bukulo ndi langa, komanso ndi lanu. Wina akadzatenga manambala anga n'kupangira makina, sadzafunsa kuti a Fabiano anaseka kapena ayi.

Ndatopa, Baba, ndipo ndinkayembekeza kuti inu mwa anthu onse muima nane. Dikirani. Chaka chimodzi sichinaphepo munthu.

Marjory

Unit L
1 Okutobala 2023

Mwana wanga Marjory,

Ndine mayi ako. Ine si wolemba makalata, ukhululuke zolemba zokhotakhota. Ndikhulupirira uli bwino. Kalata iyi ndampatsa Admire pa msika, bambo ako sakudziwa.

Kalata yako anaiwerenga atakhala pakhonde, anaipinda, anaiika m'Baibulo, tsiku limenelo sanadye. Ine nditaiwerenga ndinati basi, lumbiro langa lithere pomwepa.

Kachifuwa kaja si fumbi. Mu Meyi anawajambula kuchipatala, anapeza chotupa m'mapapo, ndipo chafalikira kale. Adokotala anandiitanira pambali, anati tikafika nawo pa Pasaka tidzathokoze Mulungu. Bambo ako anatilumbiritsa ine ndi Nigel kuti iwe usamve mpaka utamaliza, akuti ungasokonezeke mutu. Nsalu ija anakadinditsa sabata yomweyo imene anamva za matendawa. Anakwera kombi okha kupita ku Harare, anabwerako akupuma movutika koma akuseka.

Ndiye usawayese munthu wongofuna phwando. Kudzitama amadzitama, ndakhala nawo ndikuwadziwa, koma apa akungowerenga miyezi. Aonda, buluku tikuchita kuboola lamba.

Sindikukuuza chochita. Za nyale zakozo sindizidziwa, ndipo sindikuti walakwa. Ndangoona kuti si bwino bambo ndi mwana azikangana wina asakudziwa chimene akukanganirana. Ndikulira polemba izi.

Mayi ako,
Lisnet

Johannesburg
8 Okutobala 2023

Okondedwa Baba,

Mhamha andiuza zonse. Musawakalipire, anachita bwino.

Mawu amene ndinatsekera kalata yanga ija akundiotcha. Ndikanatha kuwabweza ndikanawabweza. Ndikhululukireni.

Ndapita kwa Profesa, ndawauza kuti ndasintha maganizo. Ndilemba ndime yochenjeza ija, ndipereka bukuli kumapeto kwa mwezi uno momwe lilili. Akuti apempha oyesa kuti afulumire, ndipo pofika Khirisimasi yankho lidzakhala litabwera. Gauni ndidzabwereka, ndidzalowa nayo m'holo mutandigwira dzanja. Auzeni amayi asite nsalu zawo.

Nyale ndidzalimbana nayo m'tsogolo. Bambo ndili nawo amodzi.

Mwana wanu,
Marjory

Unit L, Seke
16 Okutobala 2023

Wokondedwa Nambewe,

Moni mwana wanga. Mayi ako ndawakhululukira, ngakhale ndinawaumira nkhope mpaka madzulo kuti asazolowere. Nigel wakuimbira kale kuti usapereke bukulo. Chifukwa chake ndafuna ndikulembere ndekha.

Kalata yako inandipeza ndikukonzeka kupita kuchipatala kukajambulidwanso. Ndinakondwa, sindinama. Ndinakwera kombi ndikuimba nyimbo ya kwaya ija chamumtima. Kufika kuja, kamtsikana ka yunifolomu kanandiimika chifuwa chili pa chitsulo chozizira, n'kunditchula agogo m'Chishona kuti, "Sekuru, kokani mpweya, musapume." Nditaima choncho ndinakumbukira zimene unalemba, kuti opanga makina otere amatenga manambala a anthu ngati iwe. Atatha kujambula ndinakafunsa kuti, "Mwanangu, makinawa anawayeza ndani?" Kanaseka, kanati, "Hameno, Sekuru, amabwera oyezayeza."

Ndinakhala pa benchi nthawi yaitali. Ndinadzifunsa kuti kaya munthu ameneyo anali ndi bambo womufulumizitsa ngati ine. Ndinapeza kuti pa chifuwa changa sindikufuna makina operewera ngakhale gawo limodzi. Geji ya basi ija inkanama, inde, koma bodza lake ndinkalidziwa ndine woyendetsa. Munthu wodzaima pa makina ako sadzadziwa kanthu, adzangokoka mpweya monga ndinachitira ine. Ndiye lamulo lija ndalibweza. Yezanso.

Za amayi aja usade nazo nkhawa, ndathana nazo. Sindinafune kuti abusa alengeze, ndinati ndinayamba ndine, ndimaliza ndine. Ndayenda khomo ndi khomo Nigel atandigwira mkono, kupuma pa geti lililonse. Nyumba yoyamba ndinalowa nkhope ili pansi. Koma ndikufotokoza ndinamva kuti nkhaniyi ikukoma kuposa yoyamba ija. Pofika mzere wachiwiri ndinali ndikuchita kukweza mawu kuti, "Mwana wanga wagwira nyale ya ku yunivesite ikunama. Profesa akuti zisiye, iye wakana." Mai Rutendo a Chigwirizano anandipatsa mpando ndi tiyi, anati nsalu yawo aisunga ngakhale zaka zisanu. A Fabiano anamvetsera mpaka kumapeto, anandiperekeza mpaka pa msewu, chinthu choti sanachitepo.

Aliyense ndamuuza kuti nsalu isatuluke m'sutikesi mpaka iwe utanena kuti muyezo wakwana. Pa Khirisimasi ubwere chimanjamanja, ndikufuna nkhope yako yeniyeni, ya pansalu ija mphuno anaikulitsadi. Sindinakunyadirepo ngati mmene ndikukunyadira lero.

Ndine bambo ako,
Obadiah Chimwaza

Johannesburg
20 Okutobala 2024

Okondedwa Mhamha,

Moni, muli bwanji ndi miyendo? Nigel akukuthandizani? Chichokereni kumeneko pa maliro a Baba mu Febuluwale sindinagwire cholembera, ndimangokuimbirani. Koma nkhani iyi Baba akanafuna ibwere pa pepala.

Ndakhoza, Mhamha. Oyesa onse avomera buku langa. Nditayezanso ndi nyale yatsopano ndinapeza kuti tinsonga tija timatulutsa maelekitironi ochepa kuposa mmene ndinkanenera, ndipo masamu anga anali ndi pena pamene ndinaphonya. Ndakonza, tsopano masamu ndi kuwala zikugwirizana popanda kukakamiza. Gulu lina lopanga makina ojambulira m'chifuwa landilembera kupempha manambala anga, ndipo ndawatumizira mtima uli pansi.

Gauni ndivala pa 10 Disembala, kenako ndikwera basi kubwera kumeneko. Muyezo wakwana, auzeni amayi. Koma nsalu ija yalembedwa 2023. Kodi tidinditse ina?

Mwana wanu,
Marjory

Unit L
3 Novembala 2024

Dokotala mwana wanga,

Moni. Miyendo ikuyesera. Kalata yako ndinaiwerenga pa Chigwirizano Lachinayi, ndinalephera kumaliza, anamalizitsa Mai Rutendo. Amayi anavina m'tchalitchi mpaka fumbi.

Za kudinda ina akana onse. Akuti chaka chikhale chomwecho, wofunsa kuti bwanji chalakwika tidzamukhazika pansi n'kumufotokozera. A Fabiano atenga udindo wa holo, akuti mawaya akonzetsa okha.

Pali chinthu chimene sindinakuuze pa maliro, chifukwa unali wosweka kale. Bambo ako anasoketsa shati pa nsalu imeneyi, ya manja aatali, inkakhala pa hang'ala kuseri kwa chitseko. Sabata yawo yomaliza, ataleka kudya, ndinaisita, ndinapita nayo pa bedi. Ndinati, "Bambo a Marjory, tsiku lija simulifika, tonse tikudziwa. Kodi tidzakuvekeni imeneyi popita?" Anaigwira, anasisita pankhope pako pa nsaluyo ndi chala nthawi yaitali. Ndinaona kuti akuifuna. Kenako anati, "Ayi. Ndinayenda khomo ndi khomo kuletsa anthu, ndiye ndiyambe ndine kuvala? Mwana akadayeza. Ibwezereni pa hang'ala." N'chifukwa chake tinawaika m'suti yawo yakuda ija, ngakhale azakhali ako anandinena kuti ndawamana.

Shatiyo ndampatsa Admire pamodzi ndi kalata ino. Sinavalidwepo. Pa 10 Disembala ife kuno tidzatulutsa nsalu zathu m'mawa, iwe kumeneko uivale m'kati mwa gauni. Ikukulira m'mapewa, manja upinde, koma usapite nayo kwa telala kukaichepetsa.

Ndine mayi ako,
Lisnet Chimwaza